Mchere, Kombe ndi Khunyu: Zipata Zing'onozing'ono za mu Ubongo

(NYIMBO YOTSEGULIRA, IZILALE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Lero tilowa m'mutu mwa munthu. Sitikung'ambani, khalani phee.

Tiyambe ndi dzanja la munthu wothyola tiyi. Diso laona nsonga, masamba awiri ndi kamphukira. Zala zapita, zathyola, zaponya m'dengu kumsana, ndipo diso lili kale pa nsonga ina. Wozolowera ntchitoyi amachita zimenezi akucheza ndi mnzake, osaganizako n'komwe. Koma kuti chala chipinde, uthenga uyenera kuchoka m'diso kupita mu ubongo, kuchoka mu ubongo kutsika ndi msana, kudutsa paphewa mpaka kukafika m'minofu ya mkono. Uthengawu umayenda m'mitsempha. Apa tisasokoneze: pali mitsempha ya magazi, imene anamwino amabaya akafuna kukuikani diripi, ndipo pali mitsempha ya mauthenga, yoyera, yopanda magazi mkati. Ya lero ndi yachiwiriyi. M'mitsempha yothamanga kwambiri uthenga umatha kuyenda mamita 100 kapena kuposerapo pa sekondi imodzi. M'mitsempha ina yopyapyala, imene imanyamula ululu wonyong'onya uja, umayenda pafupifupi mita imodzi yokha pa sekondi. N'chifukwa chake mukapunthwa chala pamwala, mumayamba mwamva kugunda, ululu weniweni n'kubwera pambuyo, mutayamba kale kutukwana mwalawo.

Uthenga umenewu ndi magetsi. Magetsi enieni, oyezeka ndi makina. Koma m'thupi mulibe waya, ndipo palibe amene amakulipiritsani bilu ya ESCOM. Magetsi a m'thupi amachokera ku mchere.

Mukasungunula mchere wa kukhitchini m'madzi, umagawika tizidutswa tiwiri tosaoneka ndi maso. Kamodzi ndi sodiyamu, kali ndi mphamvu ya pulasi. Kena ndi kolorayidi, kali ndi mphamvu ya mayinasi, monga muonera zizindikiro ziwiri zija pa batire la tochi. Tizidutswa totere asayansi amatitcha ma ayoni. Palinso potaziyamu, yemwe alimi mumamudziwa kale: pa thumba la feteleza polembedwa NPK, chilembo K chija chikuimira iyeyo, ndipo tiyi amamufuna kwambiri. M'zakudya amapezeka m'nyemba, m'mbatata, m'masamba ndi m'nthochi, zija Thyolo ankatchuka nazo matenda a chisaka asanazisakaze. Wachinayi ndi kashiamu, wa m'mafupa, amene timamupeza m'usipa ndi m'matemba tikadya ndi minga yomwe. Anayi amenewa, sodiyamu, potaziyamu, kolorayidi ndi kashiamu, ndiwo akuyendetsa maganizo amene mukuganiza panopa.

Ubongo wa munthu uli ndi maselo a mauthenga pafupifupi mabiliyoni 86. Selo lililonse ndi lokutidwa ndi kachikopa ka mafuta kopyapyala zedi, ndipo mchere sungathe kuboola mafuta amenewo. Kuti ulowe kapena utuluke, uyenera kudzera m'mapuloteni amene anazikika m'kachikopako. Mapuloteniwa alipo a mitundu iwiri ikuluikulu: mapampu ndi zipata.

Ganizirani damu la pa esiteti. Pampu ikhale ikukoka madzi kumtsinje kuwakweza kumtunda, usana ndi usiku, mwapang'onopang'ono, ikudya dizilo. Madzi aja akadzaza, mphamvu yonse ya dizilo ija yasungika m'damumo. Tsiku lothirira nazale simufunanso pampu. Mungotsegula chipata, madzi n'kutsika okha mwamkokomo. Selo la mauthenga limagwira ntchito motero. Pampu yake imatulutsa tizidutswa ta sodiyamu titatu n'kulowetsa ta potaziyamu tiwiri, kenako kubwerezanso, moyo wonse wa munthu. Dizilo wake ndi shuga wa m'magazi ndi mpweya umene timapuma. Zotsatira zake, kunja kwa selo sodiyamu amachuluka kuwirikiza kakhumi kuposa mkati, ndipo mkati potaziyamu amachuluka kuwirikiza pafupifupi ka 30 kuposa kunja. Potaziyamu wina amadontha kutuluka kudzera m'tizipata take totseguka pang'ono, n'kusiya mkati muli mphamvu ya mayinasi. Mukayeza selo limene langokhala, mupeza kusiyana kwa magawo 70 pa magawo 1,000 a volti imodzi. Batire la tochi lili ndi volti imodzi ndi theka, ndiye mungati n'zachabechabe. Koma mphamvu yochepayi yapanikizika pa kachikopa kopyapyala kwambiri, ndipo ili pa selo lililonse mwa mabiliyoni aja. Ubongo umalemera pafupifupi magawo awiri pa 100 a thupi lonse, koma umadya gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse za thupi munthu akakhala chete, ndipo yambiri mwa mphamvu imeneyo imathera pa mapampu a mchere.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Nkhani ya pampu imeneyi yadutsa pakhomo pathu penipeni, ndipo ana asukulu ambiri sauzidwa. Mukaima pamwamba pa mapiri a Thyolo kuyang'ana kuzambwe, mumaona chigwa cha Shire. M'nkhalango za kumeneko mumamera chomera choyanga chotchedwa kombe. Alenje achimang'anja ankasinja njere zake n'kupaka pa mivi, ndipo nyama yolasidwa inkathamanga pang'ono n'kugwa, mtima utaima. Iwo ankadula mnofu wa pabala n'kutaya, yotsalayo n'kudya bwinobwino. Izi zinali nzeru zoyesedwa ndi mibadwo.

Pa ulendo wa David Livingstone wa mu Zambezi ndi Shire, umene unayamba mu 1858, panali dokotala wodziwa zomera dzina lake John Kirk. Iye anatolako kombe n'kusunga m'thumba momwe munalinso mswachi wake. Tsiku lina akutsuka mano anamva kuwawa mkamwa, ndipo pambuyo pake anazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono kusiyana ndi kale. Nkhaniyi inalembedwa m'buku la ulendowo limene linatuluka mu 1865. Njere zinatumizidwa ku Britain, ndipo ku Edinburgh dokotala wina, Thomas Fraser, anazifufuza kwa zaka zambiri mpaka pofika 1885 anali atalengeza kuti mankhwala a m'njerezo, otchedwa strophanthin, akhoza kuthandiza odwala mtima wofooka. Njere za kombe zinayamba kugulitsidwa kunja kuchokera m'dziko lino, ndipo dzina la chomeracho m'mabuku a sayansi mpaka lero ndi Strophanthus kombe. Mayina a Kirk ndi Fraser ali m'mabuku. A alenje amene anawaonetsa chomeracho palibe anawalemba. Zimenezi ine zimandiwawa mumtima, koma tipitirire.

Fraser sankadziwa chimene kombe amagwira m'thupi. Yankho linabwera mu 1957, pamene Jens Christian Skou wa ku Aarhus m'dziko la Denmark, akufufuza mitsempha ya m'miyendo ya nkhanu, anapeza puloteni imene imagwira ntchito pokhapokha sodiyamu ndi potaziyamu akakhalapo onse awiri. Kuti atsimikize kuti imeneyi ndiyo pampu ija, anaithira ouabain, poizoni wochokera ku chomera china cha mtundu wa kombe, ndipo inaima. Skou analandira mphoto ya Nobel mu 1997. Choncho chimene mlenje wa m'chigwa cha Shire ankachita ndi muvi wake chinali kuzimitsa pampu ya sodiyamu ndi potaziyamu. Ikazima pang'ono, sodiyamu amachuluka m'maselo a mtima, kashiamu naye n'kuunjikana, mtima n'kumafinya mwamphamvu. Apa ndi mankhwala. Ikazima kwambiri, kugunda kumasokonekera mpaka kuima. Apa ndi imfa. Mankhwala a digoxin amene ali m'zipatala lero, ngakhale amachokera ku chomera china, amagwira pampu yomweyi. Ndipo chonde, wina asapite kukatafuna njere za kombe kuti ndamva pa wailesi. Mpata wa pakati pa mlingo wochiza ndi wakupha ndi wochepetsetsa.

Tabwera tsopano pa zipata. Selo la mauthenga likakhudzidwa, mphamvu ya mayinasi ija imachepa pang'ono. Ikachoka pa 70 kufika cha pa 55, zipata za sodiyamu zimatseguka zonse mwakamodzi. Sodiyamu amakhamukira mkati, ndipo mkati muja mumasanduka pulasi, cha pa 30 kapena 40. Nthawi yomweyo zipata za sodiyamu zimadzitseka zokha, za potaziyamu n'kutseguka, potaziyamu n'kutuluka, selo n'kubwerera mwakale. Zonsezi zimatenga pafupifupi gawo limodzi kapena awiri pa magawo 1,000 a sekondi. Kuthetheka kumeneku kumatsegula zipata za patsogolo pake, izo n'kutsegula za patsogolo, mpaka uthenga kufika kumapeto kwa mtsempha. Amene anamasulira zimenezi ndi Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley, ku Plymouth m'dziko la England, pogwiritsa ntchito mtsempha waukulu wa nyama ya m'nyanja yamchere yotchedwa squid, waukulu moti ankatha kulowetsamo kawaya. Anasindikiza zotsatira mu 1952, n'kulandira Nobel mu 1963. Chipata chenichenicho sanachione. Anangochiwerengera ndi masamu. Mu 1976 Erwin Neher ndi Bert Sakmann anayeza magetsi odutsa pa chipata chimodzi chokha, ndipo mu 1998 Roderick MacKinnon anaonetsa mmene chipata cha potaziyamu chinapangidwira. Chodabwitsa chake n'chakuti chimalola potaziyamu kudutsa, tizidutswa mamiliyoni ambirimbiri pa sekondi, koma chimakaniza sodiyamu amene ndi wamng'ono kuposa potaziyamuyo.

Zipata zimenezi mumazikhudza kawirikawiri osadziwa. Jakisoni wa dzanzi amene amakubayani pozula dzino kapena posoka bala amatseka zipata za sodiyamu pa mitsempha ya pamalopo. Bala lilipo ndithu, koma uthenga wa ululu sukudutsa. Tsabola wa kambuzi amatsegula chipata chimene ntchito yake ndi kumva kutentha, ndiye lilime limauza ubongo kuti lapsa pamene ndiwo zazizira kale. David Julius anachipeza chipatacho mu 1997. Neti yonyikidwa m'mankhwala imapha udzudzu chifukwa mankhwalawo amakakamiza zipata zake za sodiyamu kukhala chitsegukire, mitsempha yake n'kuthetheka mosalekeza mpaka kufa ziwalo. Kuyabwa ndi kutentha kumaso kumene ena amamva akagona m'neti yatsopano ndi mankhwala omwewo akugwedeza pang'ono mitsempha ya pakhungu, n'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amati muiyanike pamthunzi tsiku lathunthu musanaigwiritse ntchito. Nsomba sizipirira mankhwala amenewa ngati ife, ndiye amene mumakokera matemba ndi neti mukudziwa tsopano chimene mukuthira mumtsinje. Nayenso tiyi wathuyu ali momwemo: munthu akakhala maso nthawi yaitali, mu ubongo mumachuluka mankhwala otchedwa adenosine amene amafooketsa maselo, mwa zina potsegula zipata za potaziyamu. Kafini wa mu tiyi amakhala pamalo pa adenosine, kuti asagwire ntchito. Kutopa kumakhala kulipo, kungoti ubongo sukukumva.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Mwangotsegula kumene wailesi? Tikukamba za mchere, mapampu ndi zipata zimene zimayendetsa ubongo.

Maselo a mauthenga sagundana. Pakati pa limodzi ndi linzake pali kampata. Uthenga ukafika kumapeto, zipata za kashiamu zimatseguka, kashiamu n'kulowa, selo n'kulavula mankhwala amene amaoloka kampatako kukatsegula zipata za selo lotsatira. Mankhwala ena, makamaka otchedwa glutamate, amatsegulira sodiyamu, ndipo uthenga wake ndi wakuti "thetheka". Ena, otchedwa GABA, amatsegulira kolorayidi. Kolorayidi ndi wa mayinasi; akalowa, selo limazizira, ndipo uthenga wake ndi wakuti "khala chete". Selo limodzi limalandira mawu otere kuchokera kwa anzake masauzande, ena akuti thetheka, ena akuti khala chete, ndipo limatsata mbali imene yalemera. Kuganiza, kukumbukira, kugona, kuvina tchopa osaphonya ng'oma, zonsezi zikudalira kuti mbali ziwirizi zikhale pa mlingo wake. Anthu ambiri amaganiza kuti ubongo wamphamvu ndi umene maselo ake akuthetheka kwambiri. Ine ndinganene kuti ntchito yovuta koposa ya ubongo ndi kuletsa, kuti pamene chala chimodzi chikupinda, zinazo zikhale chete.

Chipata cha kolorayidi anthu a ku Thyolo mumachidziwa kudzera m'mapiritsi aja mumamwa kamodzi pachaka, mutayezedwa msinkhu ndi ndodo. Mapiri athu ali ndi mitsinje yothamanga, ndipo m'madzi otero mumaswana kantchentche kakuda kamene kamaluma masana. Kantchentcheka kamafalitsa nyongolotsi zimene zimakhala m'timabuluma pansi pa khungu, n'kumabereka tiana tosawerengeka timene timayendayenda m'khungu ndi m'maso. Akuluakulu akukumbukira kukanda kosagonetsa tulo, khungu kukhakhala, miyendo kuchita mawanga. Dokotala Gilbert Burnham, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala cha Malamulo ku Makwasa, anafufuza kukula kwa matendawa m'mapiri a Thyolo n'kusindikiza zotsatira mu 1991. Mankhwala ake, ivermectin kapena kuti Mectizan, anachokera ku tizilombo ta m'dothi timene Satoshi Ōmura anatola ku Japan, William Campbell ndi anzake n'kuwakonza ku America. Kampani ya Merck inayamba kuwapereka ulere mu 1987, ndipo awiriwa analandira Nobel mu 2015. Ivermectin amagwira chipata cha kolorayidi cha nyongolotsi n'kuchisiya chotsegula. Kolorayidi amalowa osaleka, mitsempha ndi minofu ya tianato n'kuzizira mpaka kulephera kugwedezeka. Nanga ife bwanji sitifa ziwalo? Mtundu wa chipata chimenecho ife tilibe, ndipo pa malire a magazi ndi ubongo wathu pali pampu ina imene imabweza mankhwalawa kuti asalowe. Nyongolotsi zikuluzikulu sizifa nawo, ndipo zimatha kukhala m'thupi zaka 10 mpaka 15. Ichi ndicho chifukwa mapiritsiwa amabwera chaka ndi chaka, ngakhale kuyabwa kunatha kalekale. Palinso chifukwa china chosawakanira: ku Mahenge m'dziko la Tanzania, ku Uganda ndi ku South Sudan, ofufuza apeza kuti m'midzi mmene nyongolotsizi zachuluka, ana odwala khunyu amachulukanso.

Tafika pa khunyu, ndipo apa ndikhalapo pang'ono.

Munthu akagwa khunyu, chimene chachitika ndi ichi: gulu la maselo mu ubongo lataya mlingo uja. Mawu akuti "thetheka" aposa akuti "khala chete", maselo ayamba kuthetheka onse pamodzi mobwerezabwereza, n'kukoka anzawo oyandikana nawo. Zikakhala pa kachigawo kakang'ono, munthu amangogwedezeka dzanja limodzi, kapena kumva fungo limene kulibe, kapena kuyang'ana malo amodzi akutafuna mkamwa mopanda kanthu. Mwana wotere kusukulu amakalipidwa kuti ndi wosamva, pamene akudwala. Zikafalikira ubongo wonse, munthu amagwa, kuuma thupi, kuphupha, kutuluka thovu, mwina kudzikodzera. Kulira kumene ena amamva poyamba ndi mpweya umene minofu ya pachifuwa yaufinya, si mawu a chiwanda.

Chimasokoneza mlingo n'chiyani? Nthawi zina munthu amabadwa ndi chipata chopangika molakwika pang'ono. Mu 1998 asayansi anapeza kuti m'mabanja ena mmene makanda amakomoka m'masiku oyambirira, vuto lili pa chipata cha potaziyamu. Mu 2001 anapeza kuti khunyu lina loopsa la ana limachokera pa chipata cha sodiyamu. Koma kuno kwathu, zambiri zimachokera ku zipsera za mu ubongo. Mwana amene anabanika pobadwa, mpweya unasowa, mapampu anaima, maselo ena anafa. Munthu amene anagwa pa kabaza kapena pa thirakitala n'kumenyetsa mutu. Matenda oumitsa khosi. Mazira a njoka za m'mimba za nkhumba, amene amalowa mkamwa kudzera m'madzi kapena chakudya chodetsedwa ndi chimbudzi cha munthu, n'kukamanga timatumba mu ubongo. Komanso malungo a mu ubongo.

Pa nkhani ya malungoyi, dziko lonse laphunzira zambiri kuchokera ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayambitsa kafukufuku wa malungo a ana mu 1986. Mu 2010 Gretchen Birbeck ndi anzake anasindikiza zimene anapeza atatsatira ana 132 amene anachira malungo a mu ubongo kumeneko. Ana 12 mwa iwo anadzayamba khunyu, pamene mwa ana 264 owayerekezera nawo panalibe ngakhale mmodzi. Khunyulo silinkayamba tsiku lotuluka m'chipatala. Linkabwera patapita miyezi, makolo ataiwala za malungo aja, ndipo apa m'pamene anthu amayamba kuloza chala azakhali kapena agogo. Ana amene thupi linatentha kwambiri ndiponso amene anakomoka pa nthawi ya malungoyo ndiwo anali pa chiopsezo chachikulu. Mayi amene mwanyamula mwana usiku womwewo thupi litangotentha, osadikira kuti kuche, mwina mwateteza ubongo wake kwa moyo wonse. Ndiponso mwana wodwala malungo shuga akhoza kumuthera m'magazi, ndipo taona kale kuti shuga ndiye chakudya cha mapampu. N'chifukwa chake kuchipatala amathamangira kuyeza shuga mwana akafika atakomoka.

Abambo anzanga, mawu amodzi pa za mowa, poti malipiro ali pafupi. Kachasu amawonjezera mphamvu ya GABA n'kufooketsa glutamate. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku, ubongo umadzikonza: umachepetsa zipata zoletsa n'kuchulukitsa zothethetsa. Ndalama zikatha, mowa n'kuduka mwadzidzidzi, ubongo umatsala wopendekera mbali imodzi, ndipo mkati mwa masiku awiri munthu akhoza kunjenjemera, kuona zinthu kulibe, kapena kugwa ngati wakhunyu. Chidakwa chofuna kusiya chikuchita bwino, koma chipite kuchipatala chikathandizidwe kusiyako.

Tsopano taganizani. Ngati khunyu ndi sodiyamu ndi kolorayidi odutsa pa zipata za m'mutu mwa munthu, mungalitenge bwanji pokhudza thovu lake? M'malovu mulibe khunyu. Mumpweya umene wodwala watulutsa mulibe khunyu. Kudyera naye mbale imodzi, kugona naye mphasa imodzi, kumukwatira, palibe chimene chingasinthe zipata za mu ubongo wanu. Koma chikhulupiriro chimenechi chapsereza anthu ambiri, chifukwa munthu akagwera pamoto anzake amathawa m'malo momukoka. Enanso amati wakhunyu akapsa ndiye kuti sangachirenso. Chipsera cha pamwendo sichikhudzana ndi mmene mankhwala amagwirira ntchito m'mutu.

Mankhwala alipo, ndipo tsopano mutha kumvetsa chimene amachita. Phenobarbitone, amene wakhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira 1912, amachititsa kuti chipata cha kolorayidi chikhale chotsegula nthawi yotalikirapo, mawu akuti "khala chete" n'kumveka kwambiri. Carbamazepine ndi phenytoin amagwira zipata za sodiyamu zimene zangotsekeka kumene n'kuzichedwetsa kutsegukanso, kotero selo limene likugwira ntchito yake mwachizolowezi silivutika kwenikweni, koma limene likufuna kuthetheka mopenga limalephera. Diazepam amene anamwino amapereka munthu akamaphupha osaleka amathandizanso GABA, mwachangu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi mamiliyoni 50 ali ndi khunyu, ndipo mwa odwala 10 alionse, mpaka 7 akhoza kuleka kugwa atapimidwa bwino n'kulandira mankhwala oyenera.

Koma mankhwalawa sachotsa chipsera. Amangogwira zipata pa nthawi imene ali m'magazi, ndipo chiwindi ndi impso zimawachotsa tsiku ndi tsiku. Apa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwa. Munthu wamwa miyezi itatu, sanagwe, achibale akuti wachira, mapiritsi awasiya. Ubongo unali utazolowera kuthandizidwa, ndiye kugwa kumene kumatsatira kumatha kukhala koopsa kuposa kwa kale. Kusiya kumatheka kwa ena, akatha zaka ziwiri kapena kuposerapo osagwa, koma amachepetsa pang'onopang'ono ndi a dokotala. Musadikire kuti botolo lithe. Pitani kukatenga ena kudakali masiku, makamaka nyengo ya mvula pamene misewu ya kumapiri kuno imaterera. Mukapita, nenani zonse. Ngati muli pa ma ARV kapena mukugwiritsa ntchito njira yolera ya mapiritsi kapena ya pamkono, auzeni, chifukwa phenobarbitone, carbamazepine ndi phenytoin amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala enawo. Amayi ndi atsikana amene mungatenge pakati, dziwani kuti mankhwala ena a khunyu otchedwa sodium valproate akhoza kuvulaza mwana m'mimba. Kambiranani ndi a dokotala pakati pasanabwere, koma musasiye nokha.

Mnzanu akagwa mu mzere wa tiyi, chitani izi. Muvuleni dengu, chotsani chikwanje kapena chilichonse chakuthwa pafupi, ikani nsalu yopinda pansi pa mutu wake. Musamupanikize manja ndi miyendo. Simungaletse magetsi a m'mutu pogwira mwendo, mungomuthyola. Musaike supuni, kamtengo kapena chala mkamwa mwake. Lilime silimezeka, koma mano amathyoka ndipo zala zimalumidwa. Musamumwetse madzi kapena mankhwala azitsamba asanatsitsimuke, angatsamwe. Kuphupha kukaleka, mugonekeni chammbali kuti malovu atuluke. Wina ayang'ane nthawi pa foni. Nthawi zambiri kuphupha kumatha kokha mkati mwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Kukapitirira mphindi zisanu, kapena akagwanso asanatsitsimuke, kapena ngati ndi koyamba, kapena ndi mayi woyembekezera, kapena mwana wotentha thupi, thamangirani naye ku kiliniki ya pa esiteti, ku chipatala cha boma ku Thyolo, ku Malamulo kapena kulikonse kumene kuli pafupi. Akadzuka amakhala wotopa ndi wosokonezeka, chifukwa mapampu aja ali kalikiliki kubweza mchere m'malo mwake. Mukhale naye, mumufunditse chitenje ngati wadzionongera, ndipo anthu oonerera muwabalalitse.

Kwa inu a kapitawo ndi mabwana a m'maofesi: munthu wakhunyu amene akumwa mankhwala ake akhoza kuthyola tiyi, kupalira, kusankha masamba, kulemba pa sikelo, ngati wina aliyense. Chofunika ndi kumupatsa malo oyenera. Asagwire yekha m'mphepete mwa damu, asakwere pamwamba, asaikidwe pa ng'anjo ya boyila kapena pa makina odula masamba m'fakitale, ndipo shifiti ya usiku imupitirire, chifukwa kusowa tulo kumaputa kugwa. Tsiku lokatenga mankhwala mumulole apite osamudula tikiti. Wantchito amene akuopa kuchotsedwa amabisa matenda ake, ndipo wobisayo ndi amene tsiku lina mudzamutume pafupi ndi moto musakudziwa.

Nthawi yatithera. Mafunso anu tumizani kuno ku wailesi, ndipo amene tingathe tidzawayankha sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino, pamene tidzakambe za mchere womwewu m'matumbo: chifukwa chake paketi ya Thanzi ORS imakhala ndi shuga ndi mchere pamodzi, ndi chimene chimachitika mayi akaisungunula m'madzi ochepa kuposa lita imodzi.

(NYIMBO YOTSEKERA)